Katsinzi ndi Lamba wa Mlenje

Make Katsinzi amaphika buledi kubekale, ndipo amanyamuka pakhomo m'bandakucha, mdima usanathe. Ndi mayi wamantha. Galu akangouwa mtima uli m'mwamba, pepala likauluka pamsewu iye wayamba kale kupemphera. Sukulu anasiyira fomu thuu atatenga pathupi pa mwana wake mmodzi yekhayo, mtsikana amene anthu oyandikana nawo anamutcha Katsinzi chifukwa chotsinzinira akamayang'ana chinthu.

Amene anaphunzitsa mayiyu za nyenyezi ndi abambo a pageti, mlonda wa kubekaleko. Tsiku lina mayiyu anafika ali wefuwefu.

"Akukuthamangitsani ndani, mayi?"

"Palibe, bambo. Mdima basi."

"Mumayenda choweramatu, n'chifukwa chake. Tadzutsani mutu. Zitatu zandondozana apozo mwaziona? Ameneyo ndi lamba wa mlenje. Ndagwira naye ntchito zaka makumi awiri. Iye amapitako kutchuthi miyezi ingapo, ine ayi."

Poyamba kumwamba kunkangooneka ngati ufa wotayikira pansi. Tsiku lina analoza ndege n'kufunsa dzina lake, abambo a pageti anaseka mpaka kutsokomola. Koma pang'onopang'ono anadziwa mapewa a mlenje, ndi nyenyezi yofiirira ya paphewa limodzi, ndi mawondo ake. Akamakanda buledi ankadinda madontho atatu ndi chala pa ufa wa patebulo. M'mawa ankayenda ndi mlenjeyo ngati mnzake, mantha n'kuchepako.

Panali chinthu chimodzi chimene sanauze munthu. Aphunzitsi a Katsinzi anamulembera kalata yoti apite naye mwanayo kuchipatala akamuone maso. Iye anaipindapinda n'kuiponya m'chitini cha mabatani. Ankaopa kuti adokotala akanena za opaleshoni, kapena kuti mwanayo adzachita khungu. Anadziuza kuti ndi ulesi chabe wa mwanayo. Katsinzi akakopera samu molakwika pabolodi, ankamukoka khutu. Atawadutsa azakhali ake pamsewu osapereka moni, analandira khofi.

Patapita miyezi, lamba uja anayamba kuoneka madzulo. Tsiku lina magetsi anazima akumaliza kutsuka mbale, ndipo mayiyu anaitana mwana wake pakhonde.

"Katsinzi, bwera udzaone mnzanga amene amandiperekeza kuntchito. Yang'ana pamwamba pa denga la aneba. Zilipo zingati zandondozanazo?"

"Zitatu, amayi."

Anayankha msanga kwambiri. Make anamuyang'ana kumaso. Mwanayo anali atatsinzinira, ndipo maso ake anali kwina.

"Taloza."

Kachala kanakwera, kanazungulirazungulira, kenako kanaima pa kagetsi kofiira ka pansanja ya mafoni.

"Iwe, usandinamize. Wanena zitatu chifukwa umandimva ndikuzitchula?"

Katsinzi anabisa khutu ndi dzanja. "Musandikoke, amayi. Ine ndimangoona ngati utsi. Ndimayesa nyenyezi zimakhala m'mabuku mokha."

Make anakhala pansi pasimenti. Kadzanja kobisa khutu kaja kanamulasa mumtima. Miyezi yonseyi iye wakhala akuloweza mapewa ndi mawondo a munthu wa kumwamba, koma maso a mwana amene amagona naye bedi limodzi sanafune kuwadziwa.

Analowa m'nyumba, nayatsa tochi ya foni, nakhuthula chitini chija pabedi. Kalatayo inali pansi pa mabatani, itachita dzimbiri m'mphepete. Anawerenga deti. Panali patapita miyezi isanu ndi iwiri.

M'mawa mwake anadzera kubekale atamugwira Katsinzi padzanja.

"Bambo, muwauze abwana kuti lero sindikanda. Tikupita kuchipatala cha maso."

Abambo a pageti anawerama. "Ameneyu ndiye mumamutengera buledi wopserera mukamaweruka? Ukapeza magalasi ubwere, mdzukulu, ndidzakuonetse mlenje yense."

M'basi Katsinzi anafunsa chonong'ona. "Amayi, akandibaya jakisoni m'maso?"

"Sindikudziwa, mwanawe. Nanenso ndikuopa. Koma sindichokapo."

Anatenga chikhatho cha mwanayo n'kudindapo madontho atatu ndi chala, monga amachitira pa ufa.

"Zili chonchi. Imodzi, ziwiri, zitatu."

Katsinzi anafumbata dzanjalo. Make anagwira kalata ija mwamphamvu mpaka basi inaima pageti pachipatala.