Mendulo ya Kalipentala wa ku Limbe

Kuhotela imene ndikugwirako ntchito kunja kuno ku West Bay, supavaiza amatipukutitsa zogwirira zitseko ndi polishi wa zitsulo. Ndikangotsegula kachitini, fungo lake limandibwezera ku Limbe, kwa kalipentala wachimwenye wovala nduwira, kumene ndinaperekeza agogo aamuna kukakonzetsa mpando ndili mwana.

Tinamupeza akupukuta mendulo yasiliva yokhala ndi kansalu kosuluka. Ine ndinkayesa mphoto ya mpikisano wothamanga, ngati za kusukulu.

"Ndi ya agogo anga iyi, anali msilikali wa Angerezi konkuno," anatero kalipentalayo, n'kuipachika pachifuwa panga akuseka. Inali yozizira, yolemera. Ndinayamba kuguba mu utuchi, chifuwa chili patsogolo.

Agogo anga aja anaithothola mpaka malaya anga atsopano anang'ambika, n'kuiponya pansi.

"Iwe! Ukugubira moto umene unapsereza mudzi wa bambo anga?"

Mpandowo tinabwerera nawo wothyoka. Ndinalira njira yonse, mumtima ndikuti nkhalambayi yachita nsanje.

Ndinadzamvetsa nditamera ndevu. Mngerezi anatuma mmwenye kudzayatsa nyumba, n'kumupatsa kachitsulo, iye n'kutenga nthaka. Pamene panali mudziwo lero pali tiyi, ndipo manda a makolo athu sitikuwadziwa.