Munthu Amene Analengeza Maliro a Atate

Atate atamwalira, uthenga wa maliro unawerengedwa pa wailesi ndi muulutsi wina wa mawu akuya. Dzina la mudzi wathu, limene anthu a mu Lusaka ankalipotoza, iye analitchula bwinobwino, ndipo abale anabwera.

Zipani zitachuluka, muulutsi uja anasiya wailesi nʼkuima pa chisankho. Tsiku limene anachititsa msonkhano pamsika wa Chelstone, amayi anamvetsera atatsinzina, ngati ali pafupi ndi wailesi kunyumba. Pobwerera ndinawafunsa ngati akukhulupirira za misewu ndi madzi zimene analonjeza.

"Ayi, mwanangu," anatero. "Kale ankatiuza zimene zachitika. Lero akutiuza zimene sanazione."

Komabe voti yawo anampatsa, chifukwa cha dzina la mudzi lija.