Ntchito imene ndinamubisira Esinati

Ine ndi Esinati tinakulira limodzi m'nyumba za antchito pa esiteti ya tiyi kufupi ndi Luchenza. Ku yunivesite tonse tinaphunzira kusanthula chibadwa (majini) cha tizilombo toyambitsa matenda pa kompyuta. Titamaliza tinabwerera kwathu ndi madigiri, amayi athu akuthyolabe tiyi.

Tsiku lina ndinaona pa foni kuti labotale ina ku Blantyre ikufuna wofufuza. Mmodzi yekha. Esinati ankandiposa m'kalasi, ndipo ndinkadziwa. Tinakumana pa mjigo.

"Achimwene, simunamveko za ntchito?" anandifunsa Esinati.

"Ayi, kuli zii," ndinatero, uku ndikumusenzetsa ndowa ngati munthu wabwino.

Ndinafunsira ndekha mwakachetechete. Ndinabwereka jekete la abusa, n'kulisita, n'kumadikira intavyu. Sanandiitane n'komwe. Pokabweza jeketelo ndinawanamizanso abusawo kuti zayenda bwino.

Lero Esinati amagulitsa nthochi pa siteji ya minibasi, ine ndimayeza tiyi pa sikelo. Chimene chimandiwawa n'chakuti akangoona ntchito pa foni amanditumizira, n'kulemba kuti, "Yesani iyi achimwene, mmodzi wa ife adutseko."