Chitenje cha Mayi pa Chikuto

Ntchito ija anandipezera ndi azakhali, patangotha mwezi chiikireni maliro a mayi. Anati ku Namitete kuli a Nabanda, osoka mabuku a zithunzi amene amagulidwa ndi azungu ndi mabwana a m'tauni, ndipo akufuna mtsikana wa manja osanjenjemera. Ndinachoka ku Nsaru ndi kachikwama ndi chitenje chobiriwira cha mayi, chokhacho chimene ndinalandira pogawa zovala za malemu.

Mabuku ake sanali ngati a kusukulu ayi. Tinkapinda mapepala ndi fupa losalala, kuboola mabowo asanu kumsana, n'kusoka ndi ulusi wa khonje wopaka phula. Chikuto tinkachikuta ndi makoko a nthochi, chiguduli cha fodya, pena chikopa cha mbuzi, kumata ndi phala la chinangwa, n'kupanikiza pansi pa matabwa masiku awiri. Ukapotoza msoko, a Nabanda ankakugogoda zala ndi fupa lomwelo. "Iwe, manja akowa ndi a khasu basi eti?"

Tinkakutanso ndi nsalu, koma yatsopano ankaikana. Ankafuna yakutha, yoti inamwa thukuta, ati ogula amakonda ya mbiri.

Lachinayi lina ndinachapa chitenje chija n'kuchiyanika kuseri, kenako ananditumiza kukagula phula. Pobwera ndinachipeza patebulo, chodulidwa kale panayi, mpeni uli pambali.

"Madamu, chimenecho ndi cha malemu mayi anga!"

Sanadzidzimuke n'komwe. Maso awo anachita kuwala. "Cha malemu? Ndiye zakhala bwino. Tilemba pakapepala, wogula akondwa. Tenga phala umate lisanaume."

Ndinamata, abale, ndi manja angawa. Ndinkalira, iwo ali kalikiliki kundikalipira kuti misozi idetsa mapepala. Pakona pamene mayi ankamangirira kolona yawo yopempherera panali makwinya a mfundo. Ndinawasalaza ndi fupa mpaka anatheratu. Loweruka bukulo linakwera galimoto, ndipo dziko limene lili sindilidziwa.

Ndinakhalabe zaka ziwiri, nanga ndikanalowera kuti? Luso ndinalitenga, koma mzimayi ameneyu sindinamukhululukire mpaka lero, ndipo sindibisa.

Pano ndili ndi benchi langa ku Nsaru. Munthu akabwera ndi nsalu yakale kuti ndikutire buku, ndisanagwire mpeni ndimayamba ndafunsa: "Kodi inali ya ndani?" Akachedwa kuyankha, ndimaipinda bwinobwino n'kumubwezera.