Masiku Makumi Atatu a Livi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene macheka anadula zala ziwiri za bambo anga. Tinkakhala ku Viphya, m'tinyumba tamatabwa ta kampani ina yocheka mitengo, m'mphepete mwa nkhalango ya paini. Kumeneko nkhungu inkatha kugona pansi mpaka dzuwa kufika pamutu, ndipo zovala zathu zonse zinkanunkha utomoni ndi utuchi. Kwathu kwenikweni ndi ku Ntcheu, koma ine ndinabadwira konko, moti Chitumbuka ndinkachiyankhula bwino kuposa makolo anga. Bambo sanapiteko kusukulu, ankasayina ndi chala choviika mu inki. Ine ndinali mu Sitandade 6, ndipo popeza pa Chingerezi ndinkakhala nambala wani, iwo ankanditenga ngati loya wa pakhomo.

Atatuluka m'chipatala ku boma la Mzimba, dzanja lili m'mabandeji, anapita kuofesi kukapempha livi. Liwu limeneli aliyense pamalopo ankalidziwa, ndi ana omwe. Munthu akakhala pa livi ndiye kuti akupuma, ntchito yake ikumudikira. Kalaliki anawauza kuti akadikire kunyumba, yankho liwapeza.

Yankholo linabwera Lachisanu masana mu envulopu yakhaki. Mesenjala anangopereka n'kubwerera, mpando umene mayi anamutulutsira osaukhudza n'komwe. Mayi anati ndi bwino kalatayo ipite kwa aphunzitsi kuti akatiwerengere, koma bambo anakana.

"Ndikavutitsirenji anthu pamene mwana wanga amawerenga Chizungu? Enelesi, tabwera utiuze zimene akunena mabwanawa."

Ndinatsegula. Kalatayo inali yotayipa, yokhala ndi chidindo chofiirira pansi pake. Dzina la bambo ndinalizindikira. Mizere iwiri yotsatira sindinatolemo kanthu, mawu ake anali aatali, oti m'mabuku athu munalibe. Pamzere wachitatu m'pamene ndinapeza mawu owadziwa: "thirty days", "leave", "house", "family". Masiku makumi atatu, livi, nyumba, banja. Ndinawalumikiza mmene mtima wanga unkafunira.

Ndiyenera kunena poyera kuti ndinkadziwa kuti ndalumpha mizere iwiri. Koma mayi NyaChirwa, a nyumba yoyandikana nafe, anali ataima pabwalo ndi ndowa kumutu, akudikira kumva, ndipo bambo ankandiyang'ana ndi nkhope imene sindinaionepo chivulalireni. Kunena kuti sindikumva kukanakhala kuwachititsa manyazi pamaso pa mlendo.

"Akuti akupatsani livi ya masiku makumi atatu," ndinatero. "Mupume kunyumba ndi banja lanu."

Bambo anandifunsa ngati nkhani yonse inali yomweyo, poti pepalalo linali lodzaza. Ndinayankha kuti zinazo ndi moni chabe ndi kupepesa za dzanja. Mayi NyaChirwa anawomba m'manja, nati ndine mwana wanzeru chomene, mbwenu tsiku lina ndidzakhala muofesi momwemo. Bambo anapinda kalatayo bwinobwino n'kuilowetsa m'buku la nyimbo la mayi.

Mwezi umenewo ndi umene ndinawadziwa bambo anga. Kale ankachoka tisanadzuke n'kubwera atatopa, osafuna zolankhula. Tsopano ankandiperekeza mpaka pamlatho popita kusukulu, akundifunsa maina a zinthu m'Chingerezi n'kumaseka lilime lawo likakana. Ndi dzanja limodzi anakonza chitseko chimene chinkakhula pansi, anamata pamene denga linkadontha, ndipo kuseri kwa nyumba tinalima mizere ya mbatatesi, iwo akukumba, ine ndikuponya mbewu. Anzawo a kuntchito akamadutsa, bambo ankawakuwira kuti ali pa livi, abwerako posachedwa. Anthuwo ankangoti yewo n'kuyang'ana pansi. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ambiri ankadziwa, koma ankayesa kuti bambo akungodzilimbitsa mtima.

Ine mizere iwiri ija sinandichoke m'mutu. Tsiku lina ndinatsegula buku la nyimbo mobisa, n'kukopera liwu limodzi lalitali pachikhatho kuti ndikafunse aphunzitsi. Nditafika pakhomo la ofesi yawo ndinaima. Aphunzitsiwo sindinkawaopa, ndinkaopa yankho. Ndinafufuta liwulo ndi malovu n'kubwerera kukasewera fulaye ndi anzanga.

Masikuwo atatha, Lolemba m'mawa, bambo anavala ovolosi imene mayi anachapa n'kuisita, nanyamuka kupita kuntchito. Sukulu inali itatsekera, choncho zonse ndinaziona. Dzuwa lisanakwere kwenikweni anabwerera, akuyenda pambuyo pa thirakitala yodzaza mphasa, mipando ndi nkhuku za banja lina. Kalaliki anali nawo limodzi. Amayi a m'nyumba zonse anatuluka kudzaonerera.

Bambo analowa m'nyumba, natuluka ndi kalata ija, naipereka ndi manja awiri ngati umboni wawo. Kalaliki anaitambasula n'kuyamba kuimasulira mokweza, m'Chichewa chomveka bwino. Mzere woyamba unkati ntchito yawo yatha chifukwa dzanja silingagwirenso macheka. Wachiwiri unkati ngati ali ndi dandaulo akalipereke pasanathe masabata awiri. Wachitatu unkati ali ndi masiku makumi atatu oti atuluke m'nyumba ya kampani pamodzi ndi banja lawo.

"Livi yake iti, bambo? Apa akuti muchoke. Kodi anakuwerengerani ndani?"

Ndinali nditaima pafupi ndi mulu wa nkhuni. Mayi NyaChirwa anandiponyera diso kamodzi n'kulibweza. Bambo sanatembenuke.

"Palibe," anatero. "Ndinangoganiza ndekha."

Ena mwa anthuwo anaseka, munthu wamkulu kudziganizira zimene zili m'kalata. Bambo anavula chipewa n'kupempha masiku ena awiri okha, koma kalaliki anati banja linalo ligona kuti. Pofika masana katundu wathu anali panja, mvula yowaza ikumunyowetsa. Mayi NyaChirwa anatisunga m'khitchini mwawo masiku awiri, kenako dalaivala wina wa lole yamatabwa anatichitira chifundo n'kukatitsitsa pa Jenda. Ku Ntcheu bambo anakana kubwerera, anati sangakalowe m'mudzi ali chimanjamanja, zala zoperewera. Pa Jenda anayamba kupakira matumba a chimanga ndi madengu a tomato m'magalimoto, ntchito yofuna manja athunthu. Mbatatesi zathu anakumba ndi anthu ena.

Bambo sanandimenye, ndipo nkhaniyo sanaitchulepo mpaka imfa yawo. Mayi okha ndiwo ananena kamodzi, tikuchapa kudambo, osandiyang'ana, kuti ndikanangonena kuti sindikudziwa. Koma kuyambira pamenepo, kalata ikabwera, kaya yochokera kumudzi kaya pepala la kuchipatala, bambo ankaiika m'thumba la malaya, n'kundidutsa ndili pakhonde ndi mabuku anga, kupita nayo kwa mwini golosale wina kuti akawawerengere. Ankandipatsa moni bwinobwino podutsapo. Ndikanakonda akanandikwapula.

Ndili Fomu 1, mphunzitsi wathu wa Chingerezi analemba liwu lomwelo pabolodi, "leave", n'kuyamba kundandalika matanthauzo ake pansi. Kuchoka pamalo. Kusiya chinthu pamene chili. Kumusiya munthu, monga mwamuna amasiyira mkazi. Kusiyira ana chuma pomwalira. Chilolezo. Tchuthi cha kuntchito anachilemba kumapeto, nati liwuli ndi lophweka, ngakhale mwana wa kupulayimale sangasokonezeke nalo akaona mawu amene ali pambali pake. Anzanga anapeka ziganizo zoseketsa, kalasi yonse ili phwete. Ine ndinakopera zonse, ndikudinikiza bolopeni mpaka pepala kubooka.

Bambo anamwalira ndili kukoleji ya zauphunzitsi. Ndikuganiza kuti anapita akukhulupirira kuti ndinangolakwitsa monga mwana. Sindinawauze kuti ndinalumpha mizere iwiri ndikudziwa, kapena kuti yankho ndinalifikira pakhomo n'kulithawa masabata awiri a dandaulo aja asanathe. Kaya dandaulolo likanathandiza, sindidziwa. Koma akanakhala ndi mwezi wofuna kolowera, m'malo mokonza denga la nyumba ya eni.

Lero ndimaphunzitsa Chingerezi kusukulu ina kufupi ndi Embangweni. Mwana akaimirira n'kunena kuti, "Madamu, liwu ili sindikulidziwa," ndimamuyamikira kuposa amene wakhoza, ndipo anawo amadabwa nazo. Mbali yanga ya mlanduwu ndinaivomera kalekale. Chimene ndachedwa kuchimvetsa ndi mbali inayo. Anthu a muofesi ija ankadziwa bwino lomwe kuti bambo anga sawerenga. Pofuna kuti anyamule matabwa, afulumire, agwire mpaka Loweruka, ankawauza m'Chichewa tsiku ndi tsiku kwa zaka zonsezo. Koma pofuna kuwachotsa anasankha Chingerezi, n'kutuma mesenjala, kuti pasapezeke wowayang'ana m'maso. Ine ndinali mwana wa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo nkhaniyi ndakalamba nayo. Iwo anali akuluakulu, ndipo sindikhulupirira kuti alipo ndi mmodzi yemwe amene akukumbukira dzina la bambo anga.