Handibuleki Yabodza Yathyola Mkono wa Apongozi Anga

Apongozi anga athyoka mkono chifukwa cha galaja ina ya pa boma pa Dedza. Dzina lake sinditchula lero, poti nkhani ili kupolisi. Koma zimene anandichita ndinena zonse.

Ine ndine mlimi wa ku Bembeke. Ndimalima mbatata ya kachewere ndi kabichi, ndipo ndili ndi pikapu yakale imene ndimanyamulira katundu kupita kumsika. Ndinaigula ilibe mawaya a handibuleki. Chokokera chinalipo, koma kunsi kunalibe kanthu. Zaka ziwiri ndakhala ndikuimika galimoto pa giya, n'kutsika kukaika mwala kutayala. Odziwa kwathu akudziwa kuti malo athyathyathya ndi osowa. Paliponse pamene waima, waima pamtsetse.

Nditagulitsa kachewere wa chaka chino ndinati basi, ndikonzetse.

Lolemba, 7:30 m'mawa, ndinafika pagalajapo. Mwini wake ndi bambo wachikulire ndithu, wa imvi, woti ukamuona umamukhulupirira. Anagwada, nasuzumira kunsi. Anati ndi ntchito yaing'ono: mawaya awiri akumbuyo ndi mmodzi wakutsogolo, aitanitsa ku Lilongwe. Zonse pamodzi K95,000, ndibwere Lachitatu. Ndinapereka pomwepo.

Lachitatu, 2 koloko masana. Galimoto ili pomwe ndinaisiya, yangodzaza fumbi. Akuti minibasi yobweretsa mawaya yafera pa Linthipe.

Lachisanu, 10 koloko m'mawa. Galimoto palibe. Akuti apita kukaiyesa. Ndinakhala pa tayala lakutha mpaka 1 koloko. Kuyesa handibuleki maola atatu? Itabwera, kumbuyo kunali nthenga ndi zitosi za nkhuku, mafuta atatsika. Zimenezo ndinazisiya. Chimene ndinkafuna ndi handibuleki, osati mkangano. Anati patsala kumangitsa pang'ono, ndibwere mawa.

Loweruka anandilandira akumwetulira.

"Lowani mukoke nokha, bwana, mumve."

Ndinakoka. Chokokera chinalira bwinobwino, n'kulimba. Galimoto sinasunthe. Ndinaiwala kuti bwalo la galajayo ndi lathyathyathya, ngakhale wilibala singasunthe pamenepo. Ndinapempha kuti ndione kunsi. Anaseka, nati ndidetsa malaya.

"Ife ntchitoyi tinaiyamba inu musanagwire chiwongolero."

Ndinachita manyazi. Ndinathokoza, n'kunyamuka.

Lamulungu, Misa itatha, ndinatenga apongozi anga, a Nachisale, kuti ndikawatule kwawo. Ndi mayi wachikulire, ndipo maondo amawavuta. Akazi anga anatsalira kumsonkhano wa amayi. Nyumba ya apongozi ili pachitunda, pamwamba pa njira imene anthu amadutsa pochokera kutchalitchi. Tinafika cha m'ma 11:20. Batire ya galimotoyi ndi yofooka, ndiye sindinathimitse injini. Ndinachotsa giya, ndinakoka handibuleki, n'kutsika kuti ndikawatsegulire, poti chitseko cha mbali yawo chimatseguka ndi kunja kokha. Mwala sindinaike. Ndiikirenji nditakonzetsa dzulo lake?

Ndisanafike pachitseko, galimoto inayamba kubwerera m'mbuyo. Ndinathamanga. Ndinagwira galasi la m'mbali, linandithyokera m'manja. Panjira panali mayi wina wobereka mwana. Anadumphira m'munda wa kabichi. Galimoto inatsetsereka mpaka kukagunda mtengo wa mapichesi. Kuseri kwa mtengowo kuli chigwembe chozama kuposa nyumba.

Apongozi sanakuwe. Ndinawapeza magazi akutsika pamphumi, kolona ili m'dzanja limodzi, dzanja linalo litapindika moti sindinafune kuliyang'ana kawiri. Mawu awo oyamba anali akuti, "Bambo a Tadala, khanda lija lili bwino?"

Khandalo linali bwino. Ine mkamwini, amene sindinawagwirepo ngakhale chala chiyambire, ndinawanyamula m'manja ngati mwana, anthu akuonerera. Mnansi wina ndi amene anatithamangitsira kuchipatala pa galimoto yake. Pamphumi anawasoka. Mkono wamanja wathyoka pafupi ndi dzanja, ndipo pulasitala akhala nayo masabata asanu ndi limodzi.

Lolemba ndinaitana Izeki, makaniko wa kwathu konkuno amene ndinaphunzira naye kupulayimale, kuti andithandize kuchotsa galimoto pamtengo paja. Analowa kunsi. Anasuzumira uku ndi uku. Kenako anati, "Iwe, tagona pansi udzaone wekha."

Ndinagona. Mawaya palibe. Ngakhale mmodzi. Chokokera chija anachimangirira kuchitsulo cha kunsi ndi sipuling'i yadzimbiri komanso waya wa buleki ya njinga. Ukakoka chimalimba, chimalira, koma sichifika kutayala lililonse. Mabowo odutsa mawaya anali otsekeka ndi matope akalekale. Palibe anagwirapo.

Uku si kulephera ntchito. Munthu anakhala pansi, naganiza, napeza njira yoti ndimve kulimba m'dzanja langa.

Dzulo Lachiwiri, 8 koloko, ndinafika pagalaja ndi sipuling'iyo m'manja. Ndinawapeza bambo aja akumwa tiyi. Poyamba anati mwina ndinapita kwina atandikonzera. Kwina kuti, pakati pa Loweruka masana ndi Misa? Kenako anasintha. Akuti mawaya a galimoto zakale ndi osowa, ndiye anangoti andithandize kaye kuti ndisabwerere chabe kachitatu. Nditafunsa chifukwa chimene sanandiuzire, anati ndinkaoneka wofulumira.

Ndinawauza za apongozi. Anati, "Pepani, zimachitika." Anamwako tiyi, naonjezera kuti, "Komanso inu, galimoto yakale chonchi mungaisiye pamtsetse popanda mwala?"

Akuti ndibwere Lachinayi, mawaya adzakhala atafika.

Ndiye ndikufunsa. Ngati mawaya sanapezeke, chinakuvutani n'chiyani kunena kuti sanapezeke? Ine ndikanakwiya, inde, koma ndikanapitiriza kuimika galimoto monga kale, ndipo palibe akanavulala. Minibasi ya pa Linthipe ija inalipodi? Ndi galimoto zingati zimene zatuluka pageti panu zili ndi zomangamanga zotere kunsi? Zina zimanyamula ana asukulu. Zina zimatsika mtsetse wa ku Golomoti zitadzaza anthu.

Nanenso mtima sukundipatsa mtendere. Ndikanaumirira kuona kunsi, ndikanadetsa malaya basi. Apongozi amakhala okha. Amadzitungira madzi okha, amalima okha. Lero sangathe ngakhale kumanga chitenje popanda wowathandiza, ndipo mvula ili pafupi, munda wawo sunagalauzidwe. Iwo akuuza aliyense wobwera kudzawaona kuti mkamwini wawo sanalakwe. Mawu amenewo akundipweteka kuposa kunditukwana.

Inu nonse amene mumakonzetsa mabuleki kulikonse, musachoke musanagone pansi n'kuona ndi maso anu. Waya aliyense mumutsatire ndi chala mpaka kutayala. Kenako tengani makanikoyo, mupite naye pamtsetse weniweni, akhale m'galimoto iyeyo pamene inu mukutsika. Akakana, mwadziwa.

Ndipo inu bambo a pagalaja, Lachinayi ndibweradi, koma galimoto yanga simudzaigwiranso. Akazi anga akuti abwera nawo. Chichitikire ngoziyi sanakalipe, sanalire, angoti ali ndi funso limodzi. Akufuna muwayang'ane m'maso, muwauze kuti pamene munkamanga waya wa njinga uja, munkaganiza kuti m'galimotomo mudzakwera mayi a ndani.