Kachilombo ka mu nsolo

Amuna anga si munthu wolankhula. Chaka chimene thonje linatigwiritsa mwala, anachoka kumudzi kwathu kuno kuseri kwa Sinda n'kupita ku Lusaka kukathandiza amisiri omanga nyumba. Anandisiyira mwana wa kubere ndi foni yong'aluka galasi pakona. Poyamba tinkayimbirana. Tikafunsana za mwana, za mvula ndi za mbuzi, basi nkhani yatha, tonse chete, tokotaimu n'kumangopita.

Atabwera pa maliro a amalume awo, anandilowetsera gemu ya nsolo mu foni ija. Inali nsolo yomweyi imene azibambo amasewera pansi pa mtengo, kungoti maenje ndi timiyala zinali pa galasi. Anaipanga anyamata ena a ku Lusaka amene sitinawaonepo. Sinkadya bandulo yambiri, komanso sinkafuna kuti nonse awiri mukhale pa foni nthawi imodzi. Ine ndinkasuntha timiyala tanga m'mawa ndisananyamule khasu, iwo n'kuyankha pa nthawi yopuma masana. Ndikaweruka kumunda ndinkapeza andidya, ndipo ndinkadziwa kuti munthu ali moyo, sanagwe pa makwerero.

Kwathu kuno mkazi sakhala pa nsolo, choncho ndinaphunzirira pa foni pomwepo, mwana ali pa mwendo. M'kupita kwa miyezi ndinayamba kuwamva amuna anga mu kaseweredwe kawo. Akatopa ankasewera mwachisawawa. Akalandira malipiro ankandidya mopanda chisoni. Mwana akadwala ankandilekerera dala kuti ndipambane, ngakhale sanavomerepo. Ukwati wathu unkayenda choncho, ndipo sindinkadandaula.

Gemuyo inali ndi gulu lake la pa foni, momwe osewera ankachezera ndi kupereka madandaulo. Munali anthu a ku Katete, a ku Chipata, makondakitala a minibasi, aphunzitsi, amalonda. Akazi tinali owerengeka ndipo sitinkalankhula. Woyang'anira gululo, amene onse ankangoti a adimini, anali mmodzi wa anyamata opanga gemu aja. Ankalemba Chingelezi, mpaka anthu anadandaula kuti nsolo si ya azungu. Kuyambira pamenepo anayamba kuyesa Chinyanja chake cha m'tauni.

Nthawi yopalira chimanga, gemu inatiuza kuti tilowetse yatsopano. Ndinakwera pachulu pamene netiweki imagwira bwino, n'kulowetsa. Mawa lake ndinasuntha timiyala monga mwa masiku onse, koma masana sikunabwere yankho. Pa galasi panangolembedwa kuti ndidikire mnzanga. Ndinadikira. Sabata inatha. Ndinayamba kufufuza m'mutu chimene ndinawalakwira amuna anga, osachipeza. Kenako anayimba okha.

"Amake mwana, mwakwiya?"

"Ndikwiyirenji? Ndinu amene mwaleka kusewera."

"Kuno ikuti ndidikire inu."

"Kunonso ikuti ndidikire inu."

Anaseka pang'ono, kuseka kwawo kwa m'mphuno. Anati ndifunse m'gulu, popeza iwo anali atatulukamo kalekale chifukwa cha phokoso.

Kulemba kumanditengera nthawi, choncho ndinajambula mawu. Ndinafotokoza mwaulemu kuti nsolo yathu yaima, aliyense akudikira mnzake. Azibambo a m'gulu anadzuka nazo.

"Amayi, amuna anu athawa, mwawadya kwambiri."

"Bwerani musewere ndi ine, ine sinditopa."

Ena anati nawonso zawachitikira. A adimini sanayankhe. Patapita masiku analemba kuti aona ndipo akukonza. Ndinafunsanso Lamlungu, yankho lomwelo, mawu ake osasintha ngakhale limodzi. Pomaliza anapempha nambala ya munthu amene ndinkasewera naye. Ndinailemba m'gulu momwemo, chifukwa ndi momwe anafunsira, ndipo ena onse ankachita chimodzimodzi.

Yankho linandipeza ndikuchapa matewera. Anaika nambala ya amuna anga pamwamba, pansi pake n'kulemba kuti: "Amai, taona. Amuna anu tawapeza na kachilombo. Osasewera nawo mpaka tikuuzeni. Onse amene anasewera nawo mwezi uno atiuze, mwina kanalowa na kwa iwo."

Ndinawerenga pang'onopang'ono, sopo ali m'manja. Kuno munthu akati wakuti amupeza ndi kachilombo, palibe amene amafunsa kuti kachilombo kanji. Ndinakhala pansi pafupi ndi beseni, osaganiza n'komwe kuti anyamata a gemu angayeze bwanji magazi a munthu.

M'gulu munali chiphwete chokhachokha. Zithunzi za nkhope zoseka zinkangotsika ngati matalala. Wina anati, "A adimini, mwatsegula chipatala liti?" Winanso, "Ine ndinasewera nawo kamodzi kokha, ndikhululukireni akazi anga." Mphunzitsi wina wa ku Vubwi ndiye anandimvera chisoni. Anajambula mawu n'kufotokoza kuti m'Chingelezi, gemu ikalakwika mkati, opanga amati mwalowa kachilombo, ngati nankafumbwe m'chimanga. Mnyamatayo anangotembenuza mawuwo osadziwa kulemera kwake. Ndinamvetsa. Ndinamaliza kuchapa.

Koma uthenga uja sunakhale m'gulu. Wina anaujambula n'kutumizira anzake kuti aseke nawo, anzakewo n'kutumiziranso ena. Pofika patali unalibenso dzina la gemu kapena mawu a mphunzitsi. Unangotsala ndi nambala, kachithunzi ka amuna anga atavala chisoti cha pa ntchito, ndi mizere ija. Lachisanu anandiyimbira alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, amene amagulitsa salaula pa msika wa Katete.

"Mlamu, zimenezi mumafuna kutiuza liti?"

"Ndi za gemu, alamu. Za nsolo ya pa foni."

"Nsolo? Nanga onse amene anasewera nawowo ndi ndani? Achimwene ali ndi akazi angati ku Lusakako?"

Ndinafotokoza za nankafumbwe monga anandifotokozera mphunzitsi. Anangoti, "Chabwino, ngati mwasankha kuwabisira," n'kudula.

Matendawo pawokha si chinthu chimene ndimachiopa ngati kale. Azakhali anga amamwa mankhwala zaka zambiri ndipo amalima kuposa ine. Chimene chinkayenda m'mudzi sichinali matenda, chinali mzere wotsiriza uja. Pa mjigo akazi anayamba kundipatsa malo kuti nditunge msanga. Kutchalitchi amayi ena achikulire anandigwira dzanja nthawi yaitali.

Ndinabwerera kwa a adimini. Ndinawapempha kuti alembe bwinobwino, m'Chinyanja chomveka, kuti munthuyu sakudwala, cholakwika chili mu gemu yawo, kuti ndikhale ndi choonetsa anthu. Anafufuta uthenga wa kachilombo uja n'kuika nkhope yoseka, nati, "Pepani amai, ni Chinyanja changa." Ndinati kupepesa ndamva, koma ndikufuna mawu oti abale awerenge. Anandiyankha kuti aona ndipo akukonza. Ndinafunsanso mawa lake, ndi mkuja. Anthu ena anayamba kunditopera, akuti gulu ndi la nsolo, si bwalo la milandu ya m'banja. Kenako a adimini anatseka gululo kuti azilemba okha. Ndinatsala ndi uthenga wofufutidwa, pamene wojambulidwa uja unali m'mafoni a anthu kuyambira ku Sinda mpaka ku Katete.

Tsiku la sikelo ya mwana, nditamaliza kumuyezetsa, ndinaima pakhomo la kachipinda koyezera magazi. Ndinkadziwa kuti uthengawo unali wa gemu. Koma munthu anali atakhala kutali nthawi yaitali, ine ndikuyamwitsa, ndipo anthu akakuuza chinthu chimodzi tsiku ndi tsiku chimayamba kumera mizu. Ndinalowa. Anandipeza ndilibe. Potuluka ndinakumana ndi mkazi wa msuweni wa amuna anga, atabereka wake mwana. Tinapatsana moni bwinobwino.

Amuna anga anayimba Loweruka masana. Kumbuyo kwawo kunkamveka makina osakaniza simenti.

"Nambala yanga munapereka ndinu?"

"Munati ndifunse m'gulu, atate ake."

"Kuno anzanga akundipatsa kapu yangayanga. Akuti n'zoseka." Kenako anati, "Ndamva munapita kukayezetsa."

"Ndinapita. Ndikuyamwitsa."

"Ndiye munakhulupirira."

"Sindinakhulupirire. Ndinangofuna kudziwa."

"N'chimodzimodzi."

Ndinayembekeza kuti akalipe, kuti nanenso ndipeze poyankhira. Sanakalipe. Anafunsa ngati fetereza wachiwiri tathira, ndinati tathira. Anati chabwino.

Gemu inakonzedwa chimanga chitayamba kuuma. A adimini analemba m'Chingelezi ulendo uno, mphunzitsi uja n'kunditanthauzira kumbali: vuto latha, akuthokoza onse chifukwa cha kudekha, ndipo aliyense wapatsidwa mphatso ya timiyala ta mtundu wa golide. Za amuna anga sanatchule. Ndinakweranso pachulu n'kulowetsa yatsopanoyo. Nsolo yathu inabwerera mmene tinaisiyira, timiyala tokha tasintha mtundu. Inali nthawi yawo yosuntha.

Ndinawatumizira uthenga kuti yakonzedwa. Anayankha madzulo kuti anaichotsa, foni inadzaza.

Sanandisiye ukwati. Amatumiza ya sopo mwezi ukatha, amayimba n'kufunsa za mwana. Mwanayo tsopano akuyenda ndipo amalankhula pa foni kuposa atate ake. Pa kukolola amuna anga sanabwere, akuti ntchito inachuluka. Alamu anga amati akuopa maso a anthu, ndipo mwina n'zoona. Ine sindidziwanso ngati atopa, ngati adya, ngati tsikulo lawayendera bwino. Ndikafunsa amati zili bwino, ndipo mawu amenewo amamveka chimodzimodzi mwezi uliwonse.

Gemuyo sindinaichotse. Ndinkaitsegula m'mawa, mwina n'kupeza asintha maganizo. Tsiku lina ndikusenda nsawa pakhonde, foni inalira kulira kwachilendo, ngati kanyimbo ka pa ukwati. Pa galasi panali maluwa akugwa. Gemu inati mnzanga wakhala nthawi yaitali osasewera, choncho ndapambana ndine. Maenje onse anali atafufutika. Pansi pake inafunsa ngati ndikufuna kuti indipezere munthu wina wosewera naye, ndipo panali poti inde ndi poti ayi. Ndinakanikiza ayi, n'kupitiriza kusenda.